Dzanja Lolowa Pansi pa Nsalu

Lonjezolo linachitikira m'chipatala cha ku Ambon, dzuwa lili paliwombo, zaka makumi anayi ndi zisanu zapitazo. Kalsum anali gone chagada, mimba yake itasokedwa kuchokera pamchombo kutsika mmunsi. Mwana amene madokotala anamutulutsira pamenepo anapuma masiku awiri okha. Kwawo ku Banda anthu ankadziwa kuti atsikana awiriwo, Kalsum ndi Zubaeda, ali ku sukulu ya uphunzitsi, ndipo sikunali kunama, kungoti sizinali zonse. Mwini mimbayo anali mphunzitsi wamkulu wa kwawo, yemwe anawalembera makalata owapezera malo kusukuluko, mwamuna wa a Saoda azamba.

"Eda, tandipatsa dzanja," anatero Kalsum. Analigwira n'kuliika pa bandeji. "Ndikadzafa udzandisambitse ndiwe. Ena adzathire madzi, ena adzandinyamule pamiyendo, koma dzanja lolowa pansi pa nsalu lidzakhale ili."

"Wayamba kale za kufa? Anthu akudikira kuti udzuke ukalembe mayeso."

"Lumbira."

Zubaeda analumbira. Anali ndi zaka makumi awiri, msinkhu umene kulumbira kumakhala ngati kumeza malovu. Patatha zaka zitatu anapeza mwayi wa maphunziro ku Holland, anakwatiwa komweko, anatchona.

Anabwerera mutu uli mbuu ndi imvi, pa sitima yoyera ya nsanjika zisanu ndi ziwiri, yonyamula anthu oyenda kukaona maiko. Ulendowo sanalipire. Ntchito yake inali yoima kutsogolo kwa nkhalamba zolemera za ku Ulaya ndi ku Amereka, m'chipinda choziziritsidwa ndi makina, n'kumazifotokozera za chilumba chimene zidzuke nacho mawa. Dzulo lake anakamba za Banda. Anafotokoza mmene Adatchi anadzera kudzafuna pala, kambewu kokometsera zakudya kamene masiku amenewo kankagulidwa ngati golide, ndi mmene anapululira eni nthaka kuti mitengo itsale yokha. Nkhalambazo zinapukusa mitu mwachisoni, zinaomba m'manja, zinapita kukamwa tiyi. Mmodzi anatsalira kuti afunse ngati m'madzimo muli nsomba zoluma.

Za Banda Zubaeda anawerenga zonse, m'zinenero zinayi, mpaka makalata odyedwa ndi njenjete a akalaliki a Adatchiwo. Ankadziwa kuchuluka kwa mitengo ya pala imene inali pa chilumba chachikulu zaka mazana atatu zapitazo. Amene ankagona m'nyumba ya amayi ake sankawadziwa.

Uthenga unamupeza pa foni miyezi iwiri m'mbuyomo, kuchokera kwa Yusnita, mwana wa mchimwene wake wa Kalsum: "Azakhali akudwala khansa. Achipatala awabweza. Akufunsa ngati muli moyo." Akanatha kukwera ndege sabata yomweyo. Mwamuna wake anali atamwalira, ana analibe, ntchito anali atapuma. M'malo mwake anavomera za sitimayi n'kuuza Yusnita tsiku lofika, ndipo chifukwa chake ankachidziwa: anasankha njira yofikira kwawo yokhala ndi ola lonyamukira. Lolemba, kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo.

Sitima inaponya nangula pakati pa Phiri la Moto ndi tauni. Mabwato awiri aatali anabwera kudzaichingamira, amuna akupalasa motsatira ng'oma. Iye ali mwana, mabwato amenewo sankakhudza madzi akuluakulu asanachite miyambo yawo ya masiku angapo. Tsopano zinkaoneka kuti hutala wa sitima ndi wokwanira. Azungu anajambula. Zubaeda anakhudzidwa, ndipo anadzikwiyira. Ng'omayo sinkaimbira mwana wobwera kwawo, inkaimbira alendo, ndipo iye anali ataima pakati pa alendowo.

Boti laling'ono linawatula pa doko. Mayi wina wachitsikana anamutchingira njira, botolo lili m'manja, akulankhula Chingerezi chothyokathyoka.

"Jamu wa pala, madamu. Wokoma, madamu."

"Tandipatuka. Jamu ameneyo ndinkaphika iwe usanaganiziridwe n'komwe," Zubaeda anayankha m'chinenero cha pachilumba.

Mayiyo anayang'ana chiphaso cha sitima chimene chinkalendewera pakhosi pa Zubaeda, anayang'ana nsapato zake, n'kukodola mnzake. "Tabwera udzamve. Madamu awa akulankhula ngati malemu agogo. Tanenaninso, madamu."

"Ndine mwana wa a Aminah, a kuseri kwa linga."

"A Aminah alipo ambiri. Gulani awiri, lina mukapatse anzanu."

Amati madzi saiwala khwawa, ndipo miyendo yake inaidziwadi njira. Khwawa ndilo linali litaiwala madzi. Mizinga yakale ya nkhondo inali chigonere m'mbali mwa msewu, mbuzi itamangidwa ku umodzi. Pala anali atayanikidwa pa mikeka monga kale, ndipo fungo lake linamulowa mpaka m'mano. Nyumba ya amayi ake inali itapakidwa utoto wobiriwira, pakhomo pali chikwangwani cha malo ogona alendo, zovala zosambira za Azungu zili pa chingwe pamene amayi ake ankayanika nsomba. Sanaime.

Kwa Kalsum kunali kuseri kwa mzikiti. Yusnita, mayi wamaso otopa, anamulandira pakhomo, anagwira dzanja lake n'kuligunditsa pamphumi pake. Zubaeda anatsala pang'ono kulilanda. Anali ataiwala kuti tsopano wamkulu ndi iye.

"Mwachita bwino kubwera, mayi. Mwina inu akumverani," Yusnita ananong'ona. "Sabata zitatu tsopano sakutha kupita kubafa okha, koma zoti ndiwasambitse, ayi. Nkhope, manja, mapazi, basi. Ndikangogwira nsalu ya m'chiuno amandikuwira ngati wakuba. Ine mwana wawo. Anthu azidzati sindinawasamale."

M'chipindamo munali fungo la mafuta opaka odwala, ndi lina limene mafutawo ankalephera kulibisa. Pabedi panali mafupa ndi maso awiri akuluakulu. Masowo anamuyendera kuyambira kumapazi.

"Adona afika," anatero Kalsum. "Yusnita, apatse mpando. Pansi sangathe, maondo anawasiya ku Ulaya."

"Iwe, ndinamva kuti ukufa. Pakamwa pokha ndiye pali moyo."

"Pakamwa pamafa pomaliza. Tayandikira ndikuone. Wanenepa. Ndi tchizi chimenechi. Nanga icho chili m'khosicho? Akumanga ngati mbuzi ya pa Idi?"

"Chiphaso cholowera m'sitima."

"Kuti usasochere kwanu."

Zubaeda anachivula n'kuchiponya m'chikwama. Anakhala m'mphepete mwa bedi, osati pampando, ndipo kwa kanthawi anangogwirana manja. La Kalsum linali lotentha ndi lopepuka ngati mwanapiye.

"Makalata anga unkawalandira?" anafunsa Zubaeda.

"Asanu ndi imodzi. Onse okamba za chipale chofewa. Ndinati mnzanga wakwatiwa ndi nyengo." Kalsum anatembenuzira mutu kukhomo. "Yusnita, tenthetsa madzi ubweretse m'beseni. Ukatero upite kumsika ukagule nsomba yowamba, adona akumbukire. Udzerenso kwa amayi ako ukawaone. Usafulumire."

Yusnita atatuluka, Kalsum anauza mnzake kuti akhome chitseko ndi kutsegula kabati. Pamwamba pa zovala panali mtolo womangidwa bwino. Munali sanda, nsalu yoyera yokulungira maliro, yodulidwa kale zidutswa zisanu monga ayenera mkazi. Munalinso thonje, sopo ndi kamfa wonunkhiritsa m'kabotolo.

"Ndinagula chaka chimene ndinapuma ntchito. Masamba a masawu udzathyole kuseri kwa nyumba, tsiku lomwelo, asafote. Tsono mvera. Umayamba kumanja. Katatu kapena kasanu, osati kawiri, osati kanayi. Madzi oyamba a masawu, omaliza a kamfa. Tsitsi ulimasule, ulitsuke, uliluke patatu. Dzanja lamanzere ulikulunge kansalu, ndilo limalowa pansi. Enawo amangothira madzi pamwamba pa nsalu, maso ali kwina. Wamva? Kapena ndikulembere, poti inu ophunzira za pakamwa simumva?"

"Ndikuzidziwa. Ndinawerenga."

"Unawerenga. Unagwirapo maliro?"

Zubaeda anali asanagwirepo. Amayi ake anaikidwa iye ali pa msonkhano wa ophunzira anzake, akukamba za malonda a pala. Mwamuna wake anadzatengedwa ndi amuna awiri a masuti akuda, aulemu kwambiri, amene patapita masiku anamubwezera phulusa m'kambiya. Zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zisanu anayenda padziko, ndipo imfa iliyonse inamupeza ali ndi chochita china.

"Ndiye yambira pa wamoyo," anatero Kalsum. "Ndanunkha. Ndikudzimva ndekha."

Zubaeda anayala pulasitiki pabedi. Anamuvula malaya pang'onopang'ono, mkono umodzi kenako wina, Kalsum akulumira mano. Anayambira kumanja monga anamuuzira. Madzi a m'beseni anada msanga, ndipo anakawasintha kawiri. Msana unali ndi zilonda ziwiri za kugona. Zubaeda anazipukuta mozungulira, akupumira pakamwa, akuyembekeza kuti mnzakeyo sakuona. Kenako anamasula nsalu ya m'chiuno.

Chipsera chinali pomwepo, choyera, chokwinyika ngati msoko wa thumba la mpunga. M'mbali mwake munali mizere ija imene mimba imasiya. Thupi lonse linali litatha, koma ichi chokha matenda sanachikhudze.

"Mwana uja akanakhala ndi zaka makumi anayi ndi zisanu," anatero Kalsum, maso ali kudenga. "Ndi dazi. Amuna a kwa bambo ake onse ndi a dazi."

"Bwanji osangonena kuti anakuchotsa chotupa?"

"Kunena kwa ndani, a Saoda? Maliro a akazi onse mbali ino amasambitsa ndi iwo. Munthu amene wabereketsa theka la chilumba. Dzanja lawo limawerenga mimba kuposa mmene iwe umawerengera mabuku akowo. Ndipo zaka amadziwa kuwerengera. Chaka chija sindinabwere pa Idi, mwamuna wawo anapita ku Ambon katatu kukatenga mabuku amene sanafike."

"Wosambitsa maliro saulula zimene wapeza. Ndi lamulo."

"Saulula. A Saoda sanaululepo kanthu chibadwire. Amangotuluka m'chipinda n'kuusa moyo. Pofika madzulo ngakhale asodzi ali panyanja amakhala atamva."

Zubaeda anafinya kansalu. "Kalsum, mwamuna wawoyo anafa kalekale. Iwe ndiwe nkhalamba. Ndani zimukhudze zimenezi lero?"

"Wakhalitsa kwa Azungu." Kalsum anapuma kaye, mpweya unkamuthera pakati pa mawu. "Atsikana angati aphunzira kuwerenga Kurani pakhonde apo? Mazana. Ndawakwapula ndi kabango chifukwa choseka ndi anyamata pa doko. Amuna anayi ndinawakana, anthu n'kumati aphunzitsi anadzipereka kwa Mulungu. Atsikana omwewo ndiwo adzandinyamule pamiyendo. Ndipo a Saoda amandibweretsera phala tsiku lililonse chiyambire kudwalaku. Zaka zonsezi ndakhala nawo pamkeka umodzi kumzikiti. Ukufuna adziwe ndi dzanja lawo, ine nditagona pamiyendo ya ana anga, ndilibe pakamwa popepesera?"

"Nanga Yusnita?"

"Yusnita sadziwa kusambitsa, ndipo nkhope yake ndi zenera. Iwe ndiwe wabodza wabwino. Unali wotero kuyambira kale."

Zubaeda anamuveka nsalu yochapa ndi malaya ena. Anamutsuka tsitsi, mutu utalendewera kunja kwa bedi, n'kulipesa ndi zala poti chipeso chinkalizula. Kalsum anatseka maso. Nkhope yake inamasuka, ndipo kwa mphindi imodzi Zubaeda anaonamo mtsikana amene ankasambira naye kuseri kwa doko atavala madiresi a sukulu.

"Kusamba uku si kuja tinapangana," anatero Kalsum osatsegula maso. "Usaganize kuti wamaliza."

Swala ya masana itatha, Yusnita anabwera ndi nsomba, ndipo pambuyo pake panali a Saoda, atanyamula mbale yovindikira. Anali atafupika, msana utapindika, koma manja anali omwe aja, aakulu ngati a mwamuna. Zubaeda anadzuka, anagwira dzanja lawo n'kuligunditsa pamphumi pake. Izi thupi linakumbukira lokha.

"A Zubaeda," anatero a Saoda. "Tinamva kuti mwabwera pa sitima ya Azungu. Tinati mwina ndi dzina chabe."

"Ndine ndemwe, mayi."

"Amayi anu ndinawasambitsa ine. Anali opepuka ngati khanda. Sitinakudikireni, musadandaule, tinkadziwa kuti kumeneko ndi kutali." Ananunkhiza m'mwamba n'kuyang'ana pabedi. "Aphunzitsi asamba lero? Ife tapempha mpaka kutopa. Madzi a ku Ulaya ndi ena."

"Mayi, pali mawu," anatero Kalsum. "Yusnita, nawenso umve. Ndikafa adzandisambitse ndi Eda. Inu mudzathire madzi, mudzamuuze akalakwitsa. Koma wogwira akhale iye. Tinapangana tili atsikana."

A Saoda anaika mbale pa tebulo. Anayang'ana Zubaeda nthawi yaitali, mutu wake wopanda mpango, mathalauzi ake.

"Swala mumaswalibe?"

"Mwa apo ndi apo, mayi."

"Mwa apo ndi apo ndi swala ndithu. Mulungu ndiye amawerenga. Amene wasankhidwa ndi mwini thupi ndiye woyamba, lamulo limatero, ine sindingalimbane nalo. Ndiponso manja angawa atopa. Mukakhala, ndikuthokozani." Anavundukula mbale ija. "Koma sitimayo akuti inyamuka lero."

"Akhala," anatero Kalsum.

Zubaeda anali atayembekezera mkangano. Anali atakonzeka kuuzidwa kuti mtchona wodya nkhumba sangagwire thupi la Msilamu, ndipo anali atasula kale mayankho akuthwa, ndi mavesi ake omwe. Mayankhowo anatsala m'kamwa opanda ntchito.

A Saoda anatapa phala la ufa wa mtengo wa sago n'kufikitsa supuni pamilomo ya wodwalayo. Kalsum anatembenuzira nkhope kukhoma.

"Pang'ono pokha, aphunzitsi."

"Ndakhuta, mayi." Kenako, kwa Zubaeda: "Usaope, sindikuchedwetsa. Lachinayi, likapitirira Lachisanu. Sitima ya anthu wamba ibwera Lamlungu, ukwere imeneyo. Ili ndi mphemvu, koma imafika."

Kukhitchini Yusnita anamupakulira mpunga ndi nsomba ija, ndi tsabola wosinja. Zubaeda anadya ndi manja, ndipo kukoma kwake kunamupweteka. Zaka makumi anayi anafunafuna kukoma kumeneku m'masitolo a Amwenye ndi a Matchaina, ndipo apa kunali m'kambale wamba ka pulasitiki.

"Miyezi iwiri akhala akudya masupuni atatu patsiku," anatero Yusnita, akutsuka mapoto. "Ankachita kuwerenga. Amati ndikudikira sitima. Lero atangomva hutala m'mawa, ngakhale tiyi akana. A dokotala anati akamadya atha kufika pa Idi, mwina kupitirira. Muwauze adye, mayi. Ine sandimvera."

Inali itadutsa 2 koloko. Zubaeda anasamba m'manja n'kubwerera kuchipinda. A Saoda anali atakhala pansi m'mbali mwa bedi, akuwerenga mikanda ya pemphero.

"Pasipoti yanga ili m'sitima," anatero Zubaeda. "Ndi mankhwala anga a mtima. Ndikatenge, ndikawauzenso kuti ndikutsika."

Kalsum anamuyang'ana. Sanafunse kuti abwera nthawi yanji.

"Pita. Ukandibere sopo wa m'sitimamo, akuti amanunkhira bwino. Wa m'kabatiyo ndi wochapira."

"Wakuba ndiwe, mphunzitsi wa Kurani."

"Eda."

"Ee?"

"Chingwe chako chija uvale. Angakukanize kulowa."

Pa doko Azungu anali ayamba kale kubwerera, ofiira ngati nkhanu zophika, atanyamula mabotolo a jamu ndi zipewa zamlaza. Mayi wina wa ku Canada anamugwira mkono m'boti n'kumuuza kuti chilumba chake ndi paradaiso, ndipo sakumvetsa kuti munthu angachokeko bwanji. Zubaeda anamwetulira monga amalipidwira kumwetulira.

Pa desiki ya sitima anapeza mtsikana wa yunifolomu yoyera. Anamufotokozera zonse mwachidule: mnzake akumwalira, akufuna kutsika pano. Anayembekeza kumva za malamulo, za mapepala ofunika masiku atatu, za pangano limene anasaina lakuti akamba nkhani zina zinayi.

"Pepani kwambiri, mayi," anatero mtsikanayo. "N'zotheka. Akuluakulu oona za olowa m'dziko tikuyenda nawo, ali m'chipinda chodyera. Adinda pompano. Za nkhani zanuzo musadandaule, tidzaonetsa kanema. Boti lomaliza lopita kumtunda linyamuka hafu pasiti folo."

Sipanathe mphindi makumi awiri, pasipoti inali m'manja mwake, chidindo chili chonyowa.

M'chipinda chake munali mozizira bwino. Bedi linali litayalidwa, thaulo litapindidwa ngati mbalame. Anatulutsa sutikesi n'kulongedza zovala, mankhwala, mabuku awiri, mpango umene anagula ku Bali kuti adzavale akadzafuna kulowa mumzikiti. Anatenga sopo atatu kubafa n'kuwaika pamwamba. Anatseka zipi. Inali 4 koloko. Anakhala pabedi kuti apume pang'ono.

Ananunkhiza manja ake. Anali atasamba kawiri, koma fungo la chipinda chija linalipobe pansi pa zikhadabo. Anaganiza za thupi lomwelo litazizira, lolemera mwa mtundu wina, nsagwada itamangidwa. Anaganiza za akazi anayi atakhala mondondozana, mtembo uli pamiyendo pawo, onse akuyang'ana dzanja lake, a Saoda ali chiimire ndi chikho cha madzi. Anaganiza za masiku atatu kapena anayi okhala m'mphepete mwa bedi, kudikira, Kalsum akukana supuni kuti mlendo asachedwe.

Pamenepo ganizo linabwera, losalala, lovala bwino. Ndikakhala, afa ndi njala chifukwa cha ine. Ndikapanda kubwerera, adya. Adzadya masupuni ake atatu kudikira kuti ndibwere pa ndege, afike pa Idi, mwina kupitirira. Kupita kwanga ndiko kumupatsa moyo.

Zubaeda anali atawerenga makalata ambiri a anthu amene anachita zoipa pa zilumba zimenezi, ndipo onse ankalemba bwino. Aliyense anali ndi chifukwa chomveka, choyalidwa mwadongosolo, chokomera amene akuwachitira zoipawo. Ankaudziwa mtundu umenewu wa chiganizo, ankauphunzitsa kwa ana a sukulu yaukachenjede. Analiyang'ana ganizo lakelo, analizindikira, ndipo sanalithamangitse.

Chokuzira mawu cha kudenga chinalira kachiwiri, chikuti boti lomaliza lili pa khomo la m'munsi. Anaimirira. Anagwira chogwirira cha sutikesi. Kuchokera pa chipinda chake kufika pa khomolo panali masitepe a nsanjika zitatu, ulendo wa mphindi zinayi, ndipo anali nazo khumi. Anakhalanso pansi kuti amange bwino chingwe cha nsapato. Atamanga, anamasula chinacho n'kuchimanganso.

Pawindo ankaona denga la mzikiti, ndi mitengo ya kuseri kwake. Anaona boti likuchoka pa sitima lopanda munthu, likufika pa doko, likunyamula Azungu atatu ochedwa, likubwerera. Antchito a m'sitima analikweza ndi zingwe n'kulimangirira m'mbali. Kenako pansi pa mapazi ake panayamba kunjenjemera, unyolo wa nangula ukukulungidwa. Kuitana kwa swala kunali kutadutsa kale. Phiri la Moto linasuntha pang'onopang'ono kuchoka pawindo, ndipo m'malo mwake munalowa madzi okhaokha.

Foni inalira kamodzi sitima isanatuluke pakati pa zilumba. Anali Yusnita: "Mayi, azakhali akufunsa ngati ndikuyalireni m'chipinda mwawo kapena pabalaza." Zubaeda analemba yankho lalitali, la ndege, la sabata ziwiri, la kuti awauze adye. Pomwe ankalimaliza, foni inali itasiya kugwira.

M'mawa mwake anabweza pasipoti pa desiki. Mtsikana uja anailandira osafunsa kanthu. Pa 10 koloko Zubaeda anaima kutsogolo kwa nkhalamba zija n'kukamba za chilumba chotsatira, ndipo anakamba bwino.

Kalsum anamwalira Lachinayi m'mawa, sitima ili pa doko la Ternate. Anamusambitsa ndi a Saoda.